Ntchito ya faiba imayambira m'ngalande

Pafupifupi aliyense amene amabwera kudzaphunzira ntchito ya faiba, zingwe za galasi zonyamula intaneti ndi mafoni, amafika ndi mtima umodzi: akufuna kugwira splicer, makina olumikizira timaulusi ta galasi. Anaiona penapake m'mbali mwa msewu, munthu atakhala pansi pa ambulera, kabokosi kali patsogolo, kasikirini kakuwala, ana a sukulu atamuunjirira. Kwa iye ntchito yonse ndi imeneyo. Ndikawauza kuti masabata oyambirira tikhala ndi piki, fosholo, makwerero ndi tepi yoyezera, nkhope zimagwa. Pamapezeka mmodzi wolimba mtima wofunsa mwaulemu kuti, "A ticha, kodi zokumbazo si za aganyu?" Ndimamuyankha kuti eya mphwanga, okumba ndi aganyu, koma woyang'anira aganyuwo ndiwe, ndipo chingwe chikadzafa amene adzadzutsidwe pakati pa usiku ndiwenso.

Ine ntchito ya lamya ndinailowa nthawi ya mawaya a kopa, tikukwera mapolo ndi pulayala m'thumba. Kopa anali ndi chifundo. Ukalumikiza mosasamala foni inkalirabe, kungoti mawu ankabwera ndi kaphokoso. Galasi chifundo chimenecho lilibe. Pano ndimaphunzitsa achinyamata pa kampani ina ya ukontilakita imene imayala ndi kukonza zingwe za faiba, ndipo dandaulo langa ndi lakuti maphunziro ambiri a ntchitoyi amayambira kumapeto. Amayambira patebulo loyera, m'chipinda chozizira bwino, pa makina amene amadzichitira okha gawo lalikulu la ntchito. Splicer ya masiku ano imayang'ana yokha timaulusi tiwiri ndi makamera ake, imatiwongola yokha, n'kutisungunula pamodzi ndi kamoto ka magetsi m'masekondi osakwana 10. Mwana wa Sitandade 8 akhoza kuphunzira kudina batani limenelo tsiku lomwelo. Chimene chimapha netiweki ndi zimene zinachitika batani lisanadinidwe, ndi zimene zimachitika munthu atatseka bokosi n'kumapita.

Tsiku loyamba ndimawagawira aliyense chidutswa cha chingwe chotalika ngati mkono kuti achisende yekha. Kunja kuli chikopa chakuda cha pulasitiki, chakuda dala kuti dzuwa lisachifumbutse. Pansi pake pali ulusi wachikasu wa aramid umene lumo wamba sililowa bwino, pali tepi yoletsa madzi, pa zingwe zina palinso chitsulo chopyapyala cholepheretsa makoswe. Pakati penipeni pali kandodo kolimba, ndipo mozungulira kandodoko mwapiringizika timachubu tamitundu, m'kati mwake muli mafuta onanda ndi timaulusi ta galasi, nthawi zambiri 12 m'kachubu kamodzi. Ulusi umodzi ndi utoto wake ndi ma micron 250. Ukaupala utotowo limatsala galasi la ma micron 125, pomwe njira yeniyeni yodutsa kuwala, pakati pa galasilo, ndi ma micron 9 okha. Micron imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Ndimawasiya kaye aganizire zimenezo: chingwe chonse cholemerachi, chimene dilamu lake lokulungapo limafuna kileni kuti litsike mu lole, chinapangidwa kuti chiteteze kanjira koti kafumbi kamodzi kakhoza kukatseka.

Zikatero timatuluka panja kukakoka.

Apa mpamene ndimakhalitsa, chifukwa apa mpamene zingwe zambiri zimavulalira, ndipo bala lake silioneka. Chingwe cha faiba chili ndi malire awiri. Oyamba ndi mphamvu yokokera: zingwe zambiri za m'mapaipi zimalola mpaka pafupifupi 2,700 N, ndiye kuti kulemera kwa makilogalamu ngati 270, koma nambala yeniyeni imakhala papepala la amene anachipanga, ndipo ndimafuna wophunzira azolowere kuliwerenga pepalalo. Achiwiri ndi kupinda. Pokoka, chingwe chisakhote mothina kuposa kunenepa kwake kuchulukitsa ka 20. Chikakhala kuti chagona kale, ka 10. Chingwe cha mamilimita 12 ndiye kuti pokoka chikhote mozungulira chinthu chimene kuchoka pakati pake kufika m'mphepete ndi masentimita 24 kapena kuposa apo. Koma taonani zimene zimachitika munthu woyang'anira akapita kukagula madzi. Chingwe chakakamira pakona ya manhole, dzenje lovundikira lofikira pa mapaipi a pansi, amuna asanu ndi mmodzi akuchikoka ngati mbuzi yokana kupita kumsika, wina akuimbira nyimbo, wina wabwera ndi nzeru yoti tichimangirire kumbuyo kwa galimoto. Chimatulukadi. Chikopa chili bwinobwino, ndipo mukachiyeza tsiku lomwelo mwina chikhoza mayeso. Galasi lopanikizidwa limadikira. Padzapita miyezi, kutentha kwa Okutobala kudzachitambasula, kuzizira kwa Juni kudzachikhwinyata, kenako ulusi wa nambala 7 udzangothyoka pakati pa paipi, pamalo pamene palibe angaganizire.

N'chifukwa chake amakhala nthawi yaitali akuphunzira zinthu zooneka zopepuka. Dilamu likwezedwe pa majeki kuti lizizungulira lokha, osati kuligoneka chafufumimba n'kumasolola chingwe cham'mbali, chifukwa kuzungulira kulikonse kumachipotokola kamodzi. Chingwe chikafunika kutsitsidwa pansi pakati pa ulendo, chiyalidwe mooneka ngati nambala 8, kuti kupotoka kwa mbali ino kufafanizidwe ndi kwa mbali inayo. Pakona iliyonse pakhale munthu ndi wailesi kapena foni, ndipo mawu akuti "imani" aliyense ali ndi ufulu wowanena, ngakhale waganyu amene wangolembedwa m'mawa. Wophunzira amene amachita manyazi kuimitsa amuna aakulu kumuposa ndimamuika dala pakona mpaka mawu ake atuluke.

Ngalande nayo ili ndi mwambo wake. Kuya kwake amanena ndi mwini ntchito, koma m'mbali mwa misewu ikuluikulu kawirikawiri ndi mita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Pansi pasakhale miyala yakuthwa, paipi ya pulasitiki yolimba ya HDPE igone pa dothi lofewa, pamwamba pake dothi lina, kenako tepi yochenjeza imene wokumba wam'tsogolo adzayambe kuiona khasu lisanafike papaipi. Aganyu amalipidwa pa mita iliyonse, ndiye musawadabwe akamafupikitsa kuya pamene nthaka yalimba. Nanu mukanatero. Ndimapatsa wophunzira aliyense kamtengo kodulidwa pa muyezo, ndipo amayenda nako ngalande yonse asanalole kuti ikwiriridwe. Ngalande ya masentimita 40 imaoneka bwino ikakwiriridwa, mpaka tsiku limene mwini munda adzatambasule mizere yake kufika m'mbali mwa msewu, kapena anyamata adzayambe kukumba dothi loumbira njerwa, kapena mvula idzatembenuze ngalandeyo kukhala chigwembe. Powoloka mitsinje ndiye pamafunika mutu woziziritsa. Namondwe Freddy atagwa m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, madzi anakokolola misewu ndi milatho, ndipo paipi iliyonse imene inali itangomangiriridwa kumbali kwa mlatho wotere inalibe pothawira. Kuyambira nthawi imeneyo, ndikafika ndi ophunzira pa mlatho ndimawafunsa kaye kuti madzi akadzadza adzadzera mbali iti, ndi kuti tasiya chingwe chotsalira chokwanira mbali zonse ziwiri kapena ayi.

Za pamwamba ndi sukulu inanso. Faiba yambiri m'dziko muno imayenda pa mizere ya magetsi, makamaka chiyambire pamene boma linakhazikitsa ntchito ya National Fibre Backbone, imene ESCOM inagwira ndi Huawei ndipo gawo lake loyamba linatha mu 2018. Pali OPGW, waya wa pamwamba penipeni pa nsanja zachitsulo umene umateteza mzere ku mphenzi koma m'kati mwake muli galasi. Umenewo si wa ophunzira anga, uli ndi eni ake. Athu ndi ADSS, chingwe chopanda chitsulo chilichonse chimene chimadzinyamula chokha kuchoka pa pholo kufika pa linzake. Kupanda chitsulo kumeneko kumapusitsa anthu. Chingwe sichigwira magetsi, koma munthu amene akuchimanga amagwira, makwerero ake akakhala a aluminiyamu amagwira, ndipo mawaya a 11 kV kapena 33 kV ali chapompo pamwamba pa mutu wake. Popanda chilolezo cha eni mzere sitikwera. Pholo lamtengo timaligogoda kaye ndi nyundo m'munsi kuti timve ngati chiswe sichinalimalize m'kati. Lamba amangidwe munthu asanatulutse chida chilichonse m'thumba. Pa zimenezi sindiseka ndi munthu, ndipo amene wakwera wopanda chisoti amatsika n'kukhala tsiku lonse akunyamulira anzake madzi.

Chingwe chokungika kwambiri chimavutika kukazizira ndi kukawomba mwera. Cholendewera kwambiri chimakoledwa ndi lole ya mabelo a fodya kapena ya nzimbe podutsa msewu. Ndiye pali moto. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, osaka mbewa ndi ososa m'minda amatentha tchire, ndipo chikopa cha pulasitiki chija chikapsa chimatsika ngati phula. Kulambula udzu pansi pa mzere m'mwezi wa Meyi kapena Juni ndi ntchito ya faiba ndithu, ngakhale palibe setifiketi imene imaitchula.

Akadutsa zonsezi mpamene ndimatsegula bokosi la splicer, ndipo sindilitsegulira m'kalasi. Timakhala panja, pafumbi, m'katenti kapena kumbuyo kwa galimoto, chifukwa ndi mmene adzagwirire moyo wawo wonse.

Ndondomeko yake ndi yaifupi. Choyamba lowetsa kachubu kotetezera, kamene timati sleeve, ku ulusi umodzi. Palibe wophunzira amene sanaiwalepo sleeve. Amalumikiza bwinobwino, makina n'kulemba 0.01, kusonyeza kuti kuwala kotayika n'kochepa zedi, iye n'kumwetulira, kenako n'kuona kachubu kali phee patebulo, ndipo njira ndi imodzi yokha: thyola, yambiranso. Ukalowetsa sleeve, pala utoto ndi stripper, masentimita atatu kapena anayi. Pukuta galasi ndi kansalu kosasiya ubweya konyowetsedwa ndi isopropyl, mpaka limveke kulira kuti tswii. Spiriti wapepo wa m'golosale ayi, amasiya zotsalira. Thonje la kuchipatala ayi. Malaya ako ayi, ngakhale unawachapa dzulo. Ukapukuta mpamene umadula ndi cleaver, osati kudula kaye n'kupukuta pambuyo, chifukwa nsonga yodulidwa isakhudzenso kanthu kalikonse mpaka itagona mu splicer. Cleaver siidula ngati mpeni; imangokanda galasi pang'ono n'kulithyola, ndipo nsongayo iyenera kukhala yowongoka mosapendekeka kupitirira digiri imodzi. M'gulu lililonse la zida, cleaver ndi imene ndimaisamala kuposa splicer. Ikangogwa pansi kamodzi, tsiku lonse mukhala mukutukwana makina osalakwa.

Pali kanthu kena kamene ambiri sauzidwa. Kamoto ka splicer kamasintha mphamvu malinga ndi mpweya. Makina amene dzulo amagwira bwino m'chigwa cha Shire, ku Nchalo kapena ku Nsanje, ukapita nawo ku Dedza pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, kumene mpweya ndi wopepuka komanso wozizira, uyambe wawayeza kamotoko, kuchita arc calibration, usanalumikize ulusi wa kasitomala. Ndi ntchito ya mphindi zochepa. Nthawi ya chiperoni ku Thyolo vuto limakhala chinyezi: ukalowetsa makina ozizira m'galimoto yotentha magalasi ake amachita nkhungu, ndiye udikire. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nambala imene splicer imalemba ndi yongoyerekeza kuchokera pa chithunzi cha kamera, si muyezo weniweni. Koma tiyeni tione chifukwa chake timalimbana ndi tizigawo ta dB, muyezo wa kuwala kotayika. Faiba wamba ya G.652 imataya pafupifupi 0.35 dB pa kilomita kuwala kukakhala kwa mtundu wa 1310 nm, ndi pafupifupi 0.2 dB kukakhala kwa 1550 nm. Ma dB atatu alionse ndiye kuti theka la kuwala lapita. Tengani mtunda wa makilomita 80, ngati kuchoka ku Lilongwe kulowera ku Dedza. Madilamu akakhala a makilomita anayi, pakhala mfundo, malo olumikizira zingwe, pafupifupi 20. Mlumikizi wabwino akamataya 0.05 dB pa mfundo, zonse pamodzi ndi 1 dB. Wothamangira kukaweruka akamataya 0.3, ndi 6 dB: magawo atatu mwa anayi a kuwala atayika ndi manja a munthu mmodzi, chingwe chisanadulidwepo n'kamodzi komwe. Ndipo chidzadulidwa ndithu, ndipo kudulidwa kulikonse kumabweretsa mfundo ziwiri zatsopano. Masamu amenewa ndimawalembera pa katoni ndi makala kapena choko, ndipo ndi okhawo amene ndimafuna aliyense awadziwe pamtima pamodzi ndi mitundu.

Mitunduyo ilipo 12, ndipo amaiimba m'mawa uliwonse: blue, orange, green, brown, slate, white, red, black, yellow, violet, rose, aqua. Imeneyi ndi ndondomeko ya TIA-598 imene timakumana nayo kwambiri, koma si yokhayo padziko. Ya ku Germany imayamba ndi wofiira, ndiye chingwe chachilendo chikabwera muyambe mwaona pepala lake. Sabata yoyamba yomweyo ndimayesanso maso a aliyense mwakachetechete, chifukwa alipo anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino green ndi brown kapena red, ndipo ena amadzazindikira zimenezi ali kale ndi ndevu. Wotere sindimuthamangitsa. Ntchito ya mapolo, ya ngalande ndi ya zoyezera ilipo yambiri.

Luso lenileni la manja limaonekera pa kuyala timaulusi mu tray, kathireyi kogonekamo timaulusi tolumikizidwa, ndi kutseka closure, bokosi losunga mfundoyo. Ulusi uliwonse uzungulire momasuka, wopanda kona yakuthwa, wopanda kupanidwa ndi chivundikiro, ndipo usiyidwe wautali mokwanira kuti mnzako wam'tsogolo adzathe kuutulutsa n'kulumikizanso. Kandodo ka pakati kamangidwe zolimba kuti chingwe chikakokedwa kunja, galasi lisamve. Mphira wotsekera ukhale waukhondo, chifukwa kamchenga kamodzi pa mphirapo ndi khomo la madzi, ndipo manhole a m'tauni dzinja lonse amakhala zitsime. Nyerere nazo zimakonda closure yosatsekeka bwino. Dzanja labwino kwambiri limene ndinaliona pa tray linali la mtsikana wina amene kale ankakonza mafoni pabenchi mumsika. Anzake aamuna ankamaliza msanga n'kumamuseka, koma tikatsegula ma tray onse kuti tifananize, kusekako kunkatha. Atsikana pa ntchitoyi akadali ochepa, ndipo chimawabweza si makwerero ayi. Ndi makampu opanda chimbudzi, ndi maulendo a usiku amene palibe anaganizirapo kuti munthu wamkazi akagona kuti. Zimenezo ndi zoti mabwana akonze, osati atsikanawo.

Pali malamulo awiri amene ndimawabwereza mpaka kutopetsa. Osasuzumira m'nsonga ya faiba kuti uone ngati muli kuwala. Kuwala kwa 1310 ndi 1550 diso silikuona, koma kukachuluka kumaliwononga. Pali power meter yoonera zimenezo. Lachiwiri, tizidutswa ta galasi totsala pa cleaver tilowe m'kabotolo kotseka. Tikalowa m'chala sitioneka, ndipo pamalo olumikizira palibe kudya, kaya ndi mandasi kaya ndi chipisi.

OTDR, makina oyezera ulusi ndi kupeza podukira, ndimaiphunzitsa mochedwa, ndipo pang'onopang'ono. Imaponya kuwala m'ulusi n'kuwerenga kochepa kamene kakubwerera. Popeza kuwala m'galasi kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, makinawo amasandutsa nthawi kukhala mtunda n'kujambula mzere wotsetsereka, wokhala ndi timasitepe pamene pali mfundo. Ophunzira amakonda kudina Auto n'kukhulupirira tebulo limene latuluka. Ine ndimaphimba tebulolo ndi dzanja kuti awerenge mzerewo. Sitepe ikakula pa 1550 kuposa pa 1310, kawirikawiri si mfundo yoipa, ndi chingwe chopindika penapake. Mfundo ikaoneka ngati yawonjezera kuwala m'malo motaya, si chozizwitsa. Ndi timaulusi tiwiri tosiyana pang'ono, ndiye uyeze kuchokera mbali zonse ziwiri n'kutenga pakati. Ndipo cholumikizira chobiriwira cha APC, chimene nsonga yake ndi yopendekeka madigiri 8, chisakumane ndi chabuluu cha UPC, ngakhale zimalowana bwinobwino.

Koma phunziro lalikulu la OTDR lili pamsewu. Foni yalira usiku, netiweki ya pa chingwe yagwa, makina akuti chingwe chaduka pa makilomita 37.4. Wophunzira amakwera galimoto, amayang'ana mita ya galimotoyo, pa 37.4 amaima n'kuyamba kukumba. Sapeza kanthu. OTDR imayeza galasi, siyeza msewu. M'kati mwa chingwe timachubu tija tinapiringizika, ndiye galasi ndi lalitali kuposa chingwe. Pa mfundo iliyonse tinasiyapo mamita 20 kapena 30 okulungidwa. Pofika makilomita 37, kusiyanako kwafika mamita mazana angapo, ndipo mamita mazana angapo usiku, mvula ikugwa, ndi tochi ya pafoni, ndi dziko lonse. Chimene chimakupulumutsa ndi kabuku ka munthu amene anayala chingwecho: mfundo ya chisanu ndi chinayi ili pa manhole yakuti, GPS yake ndi iyi, OTDR inaiona pa mtunda wakuti, nambala ya mamita yolembedwa pachikopa cha chingwe polowa ndi iyi, potuluka ndi iyi. Ukakhala ndi zimenezo umawerengera kuchokera pa mfundo yapafupi, ndipo umafika pamalopo ndi mapazi. Kabukuko kakasowa, kapena kakakhala kuti munthu anakalemba ali ku lodge pongoganizira, mukumba mpaka kucha. Choncho wophunzira wanga samaliza closure asanalembe, asanajambule tray ndi foni, asanamate chizindikiro. Amadandaula kuti ndi ntchito ya ukalaliki. Amasiya kudandaula akagona kutchire kamodzi chifukwa cha kabuku ka munthu wina.

Ukapeza podukapo ntchito ndiye yayamba. Nsonga ziwirizo sizikumananso, pamafunika chidutswa chatsopano pakati ndi ma closure awiri. Chingwe cha timaulusi 48 ndiye kuti kulumikiza ka 96, foni ikulira mphindi zisanu zilizonse kufunsa kuti mwafika pati. Umayamba ndi timaulusi timene tanyamula netiweki ya anthu, totsalato pambuyo. Anthu ambiri amakumbukira za mu Meyi 2024, pamene zingwe za pansi pa nyanja za SEACOM ndi EASSy zinaduka, intaneti n'kuyamba kukwawa kuno ndi m'maiko oyandikana nafe. Zimenezo zinamveka pa wailesi chifukwa dziko lathu lilibe gombe, ndipo intaneti yathu imachita kudzera kwa anansi, ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Koma kuduka kumene ife timakudziwa ndi kwa khasu, kwa giredala yokonza msewu, kwa okumba mapaipi a madzi, ndi kwa chikwanje. Kumeneko sikulengezedwa. Munthu amangoona kuti makina a kubanki akukana, kapena wa Mpamba ndi Airtel Money akumuuza kuti netiweki yavuta.

Za chikwanjezi zimandifikitsa pa phunziro limene silili m'buku lililonse la faiba limene ndinawerengapo. Ambiri odula zingwe amafuna kopa woti akagulitse kwa ogula zitsulo zakale. Amadula, amasenda, amapeza tiulusi ndi mafuta, n'kutaya pompo. Iwo sanapindule kanthu, ife tagona kutchire. Ndiye tisanayambe kukumba m'dera lililonse timayamba tafika kwa amfumu, ndipo ndimatenga ophunzira awiri kapena atatu kuti aone mmene zimakhalira. Timakhala pansi, zisoti zili m'manja, nduna ikatipatsa mpata ndimati, "Zikomo Gogo, ife ndi ana anu, tabwera kudzapempha njira." Kenako ndimatulutsa chidutswa cha chingwe ndi mpeni, n'kupempha mnyamata wa m'mudzi momwemo kuti achisende pamaso pa anthu. Chimayenda m'manja mpaka kwa amayi akumbuyo. Pamakhala wina wofunsa, "Ndiye mwati mulibe waya n'kamodzi komwe?" Mulibe, bambo, onani nokha. Chidutswacho timachisiya kwa amfumu. Aganyu timalemba a m'mudzi momwemo, ndipo nambala ya foni timasiya kwa munthu mmodzi kapena awiri okhala m'mbali mwa msewu. Kangapo konse amene anatiuza malo enieni a ngozi, OTDR isanayatsidwe n'komwe, ndi mayi wogulitsa tomato amene anaona giredala ikutukula chinthu chakuda. Wophunzira wodziwa kulumikiza koma wofika m'mudzi manja ali m'thumba, kulankhula ndi akuluakulu ataimirira, amatibweretsera mavuto amene splicer singakonze.

Amandifunsa kawirikawiri za mapepala. Alipo maphunziro a sabata imodzi amene amapereka setifiketi, ena mwa iwo ovomerezedwa ndi bungwe la ku America la Fiber Optic Association, limene setifiketi yake yoyambira imatchedwa CFOT. Si oipa, ndipo pepalalo limathandiza pofunsira ntchito, makamaka kwa amene maso ali ku Joni. Koma sabata imodzi imakupatsa mawu ndi ndondomeko. Manja amabwera ukadutsa chilimwe ndi dzinja uli pambali pa munthu wodziwa. Ndikanakonda kuona ntchitoyi itazika mizu m'makoleji a ntchito zamanja amene ali pansi pa ndondomeko ya TEVETA, monga Soche, Lilongwe, Mzuzu, Nasawa ndi ena, mofanana ndi zamagetsi kapena za mapaipi. Chovuta n'chodziwika: splicer yabwino ndi OTDR ndi madola masauzande angapo chilichonse, ndipo ndalama zakunja mukudziwa mmene zilili. Komabe theka la zimene ndalemba pano silifuna makina odula. Limafuna mapolo anayi kuseri kwa koleji, manhole awiri, paipi, ndi zotsala za m'madilamu zimene makampani amangozisunga. Makampaniwo ndi amene amalira kuti amisiri akusowa, ndiye abwereketse makina awo akale ndi amisiri awo akale.

Mayeso anga omaliza alibe pepala la mafunso. Kuseri kwa yadi yathu tinayala chingwe chophunzirira, china pansi, china pa mapolo, ndi madilamu angapo olumikizidwa kuti mtunda utalike. Madzulo ophunzira ali kukadya ndimapita ndekha kukachiwononga: pena ndimadula, pena ndimangopinda ulusi umodzi mu tray, pena ndimadetsa cholumikizira ndi chala. Akabwera ndimawapatsa kabuku kamene analemba okha masabata apitawo, OTDR, ndi tochi. Sindiyang'ana kwambiri wotchi. Ndimayang'ana ngati aika zochenjeza magalimoto asanatsegule manhole, ngati adikira kuti mpweya woipa utuluke ndi kuona kuti mulibe njoka, ngati wokwera wagogoda pholo, ngati kabotolo ka magalasi kali patebulo. M'mawa mwake closure imene atseka timaimiza mu dilamu la madzi, n'kudzaitsegula masana onse akuona. Ikapezeka ndi dontho m'kati, gulu lonse limabwereza sabata yotsatira, ndipo ine ndimakawononga pena.